Obwereketsa matenti ndi zokuzira mawu a ku Limbe: mmene anatigwirira ntchito tsiku lotsekera sukulu

Anzanga a m'makomiti a makolo ndi aphunzitsi mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp za anthu amene anatibwereketsa matenti, mipando ndi zokuzira mawu tsiku lotsekera chaka kusukulu kwathu. Ndiyankhe pano kamodzi n'kamodzi. Ndine msungichuma wa komiti pa sekondale ina yoyendera cha ku Bangwe kuno, choncho ndalama zinadutsa m'manja mwanga ndipo mipando ndinawerenga ndi chala changa. Dzina lawo ndilisunga. Ndi kakampani ka pabanja ka ku Limbe, mwini wake ndi bambo wachikulire wa lole imodzi ndi anyamata angapo. Ntchito yawo yambiri ndi ya maukwati, zinkhoswe ndi maliro, ndipo pafupifupi zonse zimene zinatipsetsa mtima zinachokera pamenepo.

Sukulu yathu ilibe holo. Misonkhano timachitira pabwalo, pansi pa mitengo ya bulugama. Chaka cha sukulu chimatha mu Julayi, a Fomu 4 atamaliza mayeso a MSCE, a Fomu 2 atapumula ku JCE, ndipo ndi mwezi wa chiperoni, kamvula kaja kowazawaza kochokera mbali ya ku Mozambique. Ife a kumtunda kuno sikatiphonya. Ndiye tenti kwathu si yokongoletsera malo ayi.

Tinagwirizana matenti atatu, oti adzakhome Lachinayi madzulo. Anafika Lachisanu m'mawa ana atayamba kale kulowa pageti. Chifukwa chake n'chomveka ndithu: matentiwo anagona pamaliro ku Machinjiri, ndipo sungazule tenti anamfedwa ali pansi pake. Koma foni ali nayo, akanaimba. Anyamata a Fomu 3 ndi amene anatipulumutsa, kunyamula mapaipi ndi kukhoma zikhomo atavala yunifolomu yoti avale pamwambo. Matenti awiri anali abwino, olimba, ngakhale amanunkha utsi wa pasiwa. Yachitatu inali yong'ambika pamsoko, ndipo mwatsoka ndi imene anaiika pamwamba pa tebulo la mphoto. Chiperoni chitayamba cha m'ma 11 koloko, madzi amadonthera pa makope ndi madikishonale amene komiti inavutikira kugula, mpaka atsikana awiri anakokera tebulolo pakati.

Za mipando ndinene mosabisa. Tinalipira mipando 300. Nditawerenga akutsitsa mu lole, inakwana 262, ndipo isanu ndi umodzi mwa imeneyo inali yothyoka miyendo, yomangidwa ndi waya. Ndinalembetsa nambalayo m'kope langa ndi kumusainitsa dalaivala. Madzulo akukweza, mwini wake anabwera yekha n'kuyamba kuti, "Amayi, mipando yanga 38 yasowa, ana anuwa aponyera kuseri kwa mpanda." Ndinangotsegula kope. Anaseka n'kunena kuti anyamata ake sadziwa kuwerenga. Ndalama ya mipando yoperewerayo anabweza, koma patapita sabata, nditaimbaimba. Makolo ena anakhala pa madesiki amene a Fomu 1 anatulutsa m'kalasi.

Tsopano ndibwere kwa munthu amene wandichititsa kulemba zonsezi m'malo mongoti musapiteko.

Pamakina awo amaikapo mnyamata wina wowonda, wosayankhulayankhula, amene ana anangomutcha achimwene a DJ. Ine ndimayembekeza wa phokoso, woti azitigonthetsa m'kutu ndi amapiano kuyambira m'mawa. Iye atangolumikiza mawaya anapita kwa aphunzitsi oyang'anira za masewero n'kufunsa kuti, "Madamu, seweroli anawa aziyendayenda kapena azikhala pansi?" Atamva kuti aziyendayenda, anatenga maiki awiri n'kuwalendewetsa ndi chingwe ku chitsulo cha tenti, wachitatu anaubisa kuseri kwa mtondo umene unali pabwalo la sewero. Aliyense amene anakhalapo pa sewero la kusukulu akudziwa vuto lake: ana amalimbirana maiki imodzi, wina akuyankhula wina akudikira, apo ayi amangokuwa mawu n'kuuluka ndi mphepo, makolo akumbuyo n'kumacheza zawo. Ulendo uno tinamva liwu lililonse.

Ndipo linali sewero loyenera kumveka. Analemba okha a kalabu ya drama, la mtsikana wa Fomu 2 amene atsibweni ake akufuna kumukwatitsa kwa mwini golosale kuti ngongole ya feteleza ife. Mwana wanga anasewera ngati azakhali ake a mtsikanayo, atadzimanga chitenje m'chiuno ndi duku la ine, ndipo kuyenda kwake ndinakuzindikira kuti wabera mayi anga. Pamene mnyamata wosewera ngati anyakwawa anaimirira n'kukumbutsa za lamulo la 2015 loti wosakwana zaka 18 asalowe m'banja, kumbuyo kwenikweni, kumadesiki kuja, amayi analulutira. Ndiye kuti mawu anafikako.

Pa magule anachita china chimene ndinachikonda. A beni atalowa ndi malikhweru awo ndi zipewa za makatoni, anazimitsa masipika onse n'kupinda manja. Ng'oma zinalira zokha. Chimodzimodzi pa tchopa, gule amene kusukulu kwathu salephera chifukwa ana ambiri makolo awo anachokera ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Apo anangopereka maiki imodzi kwa mtsikana wotsogolera nyimbo kuti asamire m'ng'oma zikuluzikulu zija. Kamtsikana kena ka Fomu 1 kanabwera ndi ndakatulo, pepala likunjenjemera m'manja, mawu akutulukira m'mphuno. Ndinamuona mnyamatayo akukweza pang'onopang'ono mpaka kanadzimva kokha m'masipika, kanadzidzimuka, kenaka kanalimba mtima n'kumaliza bwinobwino. Makwaya a SCOM ndi YCS, magulu achikhristu a ana asukulu, anawaimika mosiyana, ina mozungulira maiki, ina pamzere, malinga ndi kuchuluka kwawo. Nyimbo zovina pomaliza anayamba wazionetsa kwa aphunzitsi, ndipo ziwiri zotukwana zimene a Fomu 4 anamupatsa pa fulashi anazikana yekha, akuseka.

Magetsi anazima pakati pa malipoti a makalabu, mwana wa kalabu ya zachilengedwe akufotokoza za mitengo imene anadzala kuseri kwa labu mu Januwale ndi imene mbuzi za anthu oyandikana nafe zinadya. Jenereta inalira pasanathe mphindi ziwiri, apo ndiwayamikire. Koma inabwera ndi petulo wongonyowetsa pansi pa thanki. Nditafunsa, akuti mafuta ndi a ochita mwambo. Nkhani imeneyi pokambirana mtengo sinatchulidwe. Bambo wina wa m'komiti anapopa m'galimoto mwake ndi kapaipi, ndipo anakhala mwambo wonse akulavula.

Chimene sindingakhululuke ndi MC wawo. Anatiuza kuti MC ndi waulere, amabwera limodzi ndi zokuzira mawuzo, ife n'kukondwa. Ndi bambo wa suti yonyezimira, wozolowera maukwati, amene amakuwa ngati woitanira minibasi m'depoti ya Limbe. Mlendo wolemekezeka anamutamanda kwa mphindi zambirimbiri, koma mtsutso wa a Fomu 3, umene ana anaukonzekera teremu yonse, anaudula pakati akuti nthawi yatha. Mtsikana wina akubwera kudzalandira mphoto ya Biology anamuuza pa maiki kuti, "Eee, uyu ndiye wakula, tikumana pachinkhoswe chaka chamawa." Tangoganizani, sewero lija litangotha kumene. Mwanayo anatenga dikishonale yake ataweramitsa mutu.

Kenaka anayambitsa perekaniperekani. Palibe anamutuma. Akuti kholo lililonse limene mwana wake walandira mphoto libwere kutsogolo likuvina, tiyambe ndi a ma K5,000, a ma K2,000 adikire, a ma K500 aziomba m'manja kaye. Paukwati zimenezi n'zosangalatsa chifukwa wabwera ukudziwa, wasinthiratu ndalama. Pasukulu yoyendera ngati yathu, makolo ambiri ndi ogulitsa tomato ndi makala, alonda, a maganyu a kumafakitale a ku Limbe. Mnyamata amene anatenga nambala wani m'masamu amaleredwa ndi agogo ake. Ndinawaona agogowo ataima kumbuyo, akumasula kansonga ka chitenje, kuyang'ana zimene zinalimo, n'kumanganso. Sanapite kutsogolo kukamukumbatira mdzukulu wawo. Ahedi anadzuka, anapita kukamunong'oneza MC uja, ndipo ataona kuti sakumva, anangotambasula dzanja: "Bambo, tapatseni maikiyo." Anaipereka kwa hedi boyi ndi hedi gelo otuluka. Anawo anayendetsa mwambo wonse wotsala, kupatsirana mabaji ndi mapulifekiti atsopano, kutsanzikana ndi a Fomu 4, mawu a mphunzitsi amene akupuma pantchito, ndipo dzina la mwana aliyense amalitchula molondola chifukwa ndi anzawo. Agogo aja anawaitana ndi ulemu wake, "Agogo, bwerani mudzajambulitse ndi mwana wanu," popanda kutchula ndalama.

Mtengo sindilemba pano chifukwa pofika mwezi wamawa ukhala utasintha. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe wobwereketsa katundu amene mtengo wake umakhazikika. Ndingonena kuti mwa atatu amene tinawafunsa, awa anali apakati. Amafuna theka poyamba, pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo lisiti salemba pokhapokha uumirire. Thiransipoti amawerengera padera, ndipo amaitchula pomaliza mutagwirizana kale zina zonse.

Kodi tidzawaitananso? Komiti yagwirizana kuti inde, koma pa zokuzira mawu, jenereta ndi matenti basi, ndipo papepala tidzalemba kuti pamakina pakhale mnyamata yemwe uja, osati wina. Matenti tidzatenga awiri abwinowo titakawaona okha atatambasula ku Limbe konko. Mipando tidzabwereka kutchalitchi choyandikana nafe, kumene amangofuna kangachepe ka sopo wotsukira. MC wawo ngakhale waulere tamukana. Mwambo adzayendetsa ana, aphunzitsi a Chichewa ndi a Chingerezi atawakonzekeretsa. Mukafuna kuwayesa, lembani zonse musanatumize tambala: nambala ya mipando, ola lofikira, mafuta a jenereta ndi a ndani, thiransipoti ndi zingati. Ndipo sungitsani malo msanga, mu Meyi ngati n'kotheka. Anthu akakolola maukwati amachuluka, Loweruka lililonse katundu wawo amakhala atatengedwa, ndipo mwambo wanu ukakhala Lachisanu muwauziretu kuti sazula tenti ana asanamalize kuvina, chifukwa kwathu anayamba kumasula zingwe 4 koloko isanakwane, akuthamangira kukakhoma paukwati wa mawa lake ku Chilomoni.