Chambo, matemba kapena usipa: ndiwo iti yodyera nsima tsiku ndi tsiku?

Anzanga akuntchito satopa kundifunsa akasuzumira m'kontena yanga masana: "Kodi usipawu sukukolani, asisi? Mwezi ukatha muzigulako chambo." Ndiyankhe kamodzin'kamodzi poyerekeza nsomba zitatu zimene timakumana nazo kwambiri mumsika wa Limbe, wa Ndirande kapena wa Zingwangwa.

Kukoma kwa chambo sindikutsutsa. Chikakhala chatsopano, chowotcha pamakala ndi kamchere basi, kapena chamsuzi mutu wake uli pomwepo, palibe angapikisane nacho. Vuto ndi loti chambo chenicheni chasowa. Mu 2018 bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linaika mitundu ya chambo cha m'nyanja ya Malawi pa mndandanda wa nsomba zimene zili pachiopsezo chachikulu chotheratu, ndipo boma limaletsa makoka m'miyezi ya Novembala ndi Disembala kuti nsombazi ziswane. Ndiye zambiri zimene timauzidwa kuti ndi chambo kuno ku Blantyre amakhala makumba. Makumba si nsomba yoipa ayi, koma agulitsidwe pa mtengo wa makumba. Mukafuna kudziwa, tambasulani chipsepse cha kunsi, chakufupi ndi mchira, muwerenge minga yolimba: makumba kawirikawiri amakhala ndi minga 4, chambo 3.

Chimene chinandichotsa ku chambo n'zimene anandichita bambo wina wogulitsa nsomba za m'bokosi la ayezi. Kunyumba kunkabwera apongozi, ndiye ndinati adyeko zabwino. Tinanenerera mtengo mpaka kugwirizana, ndinalipira. Ndisanatembenuke n'komwe, kamnyamata kanali katatenga kale nsombazo n'kuyamba kupala mamba ndi kutumbula, osandifunsa. Katamaliza kanatambasula dzanja. Nditayang'ana mwini nsomba, anangoti, "Za mnyamatayo n'zapadera, mayi." Jumbo nayonso inali ya ndalama yake. Anthu atakuzungulirani, nsomba zatumbulidwa kale, mungazibweze bwanji? Ndinapereka mtima ukuwawa.

Kupala kwachanguko kunali ndi cholinga chake. Nditafika kunyumba ndinapeza mnofu wafewa, ukadina ndi chala dzenje osabwerera, maso ake achita mbuu. Makha, amene akanandiuza zoona ndi mtundu wake, anali atachotsedwa kale kumsika konkuja. M'chiwaya nsombazo zinangophwasuka, fungo lake n'kudzaza nyumba yonse, moti apongozi anadyera mazira. Kuchokera ku Mangochi kudzafika kuno ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 190, ndipo ayezi akasungunuka panjira kapena nsomba zikagona osagulidwa, ena amangothira ayezi wina pamwamba kuti zioneke ngati zangofika kumene. Ngati mukugulabe chambo, musalole munthu kuchikhudza ndi mpeni musanatsegule makha n'kuona kuti ndi ofiira, ndipo funsani mtengo wa zonse musanatulutse ndalama.

Matemba ndimawalemekeza. Ambiri amachokera kunyanja ya Chilwa, kudzera padoko la Kachulu ku Zomba. Owamba bwino amatulutsa msuzi wonunkhira utsi, ndipo ukawatendera ndi nsinjiro nsima imatha osadziwa. Koma sadalirika: nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulukamo, ndipo inaphwa mu 1995 komanso mu 2018, matemba n'kusowa pamsika. Ana anganso amadandaula ndi timinga take.

Tsopano usipa. Asodzi amaugwira usiku ndi nyali ndi ukonde wa chilimira, n'chifukwa chake mwezi ukamawala kwambiri umachepa ndipo mtengo umakwera. Pali wongoyanika padzuwa, umene umawawirako ndipo nthawi zina umakhala ndi mchenga. Wanga ndi wofutsa, uja amayamba auviika m'madzi owira a mchere kenako n'kuuyanika pathandala. Ndimaunyika pang'ono m'madzi ofunda, kudula timitu, kukazinga ndi anyezi mpaka uchite golide, kenako tomato wakupsa bwino ndi kambuzi mmodzi wosadula kuti angosiya fungo lake. Madzi a nsima asanawire, ndiwo zapsa kale. Pambali nkhwani wotendera kapena chisoso, nsima ya mgaiwa yotentha, mwana aliyense amanyambita zala.

Makala umadya ochepa. Furiji sufuna, magetsi athime tsiku lonse ulibe nazo kanthu. Umadyedwa ndi minga yomwe, kutanthauza kuti ana amapezamo zolimbitsa mafupa zimene pa chambo timataya m'mbale.

Nawo uli ndi chinyengo chake, ndisabise. Chichokereni pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, milu yakhala ikuchepa, ndipo ena amaika usipa wonenepa pamwamba, pansi zinyenyeswa zokhazokha. Koma chinyengo chimenechi umachiona ndi maso, umangoti, "Amayi, tandiphwasulireni muluwo ndione," nkhani yatha. Ambiri amaseka n'kukuikira kabasera. Ukalakwitsa pamulu wa usipa wataya ndalama yochepa, pomwe chambo chikaonongeka chimapita ndi ndalama ya ndiwo za sabata.

Mwina ndikukondera, poti ndinakulira m'manja mwa agogo amene m'lichero mwawo simunkasowa usipa, koma kwanga woyamba ndi usipa wofutsa, achiwiri matemba akapezeka, chambo ndikadya ndikapita kunyanja komweko. Ofuna wotchipa, pitani ku Limbe m'mamawa ogulitsa akungomasula matumba, makamaka masiku amene mwezi uli mumdima, ndipo gulani wa pambale kapena pandowa mugawane ndi aneba m'malo mogula milu.