OraQuick: kachipangizo kodziyezera HIV kunyumba, ndi pomwe mphamvu yake imathera

Ntchito yanga ndi yofunsa mafunso a kafukufuku wa zaumoyo m'midzi ndi m'makwalala, pansi pa akatswiri a zachuma omwe amafufuza chifukwa chake anthu amachita zinthu zoika moyo pachiswe, nazengereza kuchita zowateteza. Choncho nditagwiritsa ntchito OraQuick, ndinkayang'ana chinthu chimodzi: kodi kachipangizoka kamamuchotsera munthu mtolo wanji, nanga kamamusiyira uti?

M'paketi mumakhala kandodo kophwatalala kumapeto, kabotolo ka mankhwala amadzimadzi, choikapo kabotoloko, ndi pepala la malangizo lokhala ndi zithunzi. Mumayendetsa kandodoko pa nkhama zakumwamba kamodzi, zakumunsi kamodzi, n'kukaviika m'kabotolo. Mudikire mphindi 20, koma musapyole mphindi 40. Mzere umodzi pa C ndiye kuti sikanapeze kanthu. Mizere iwiri, pa C ndi pa T, ngakhale wachiwiriwo utakhala wosaoneka bwino, ndiye kuti mupite kuchipatala akakuyezeni magazi kuti atsimikize. Palibe jekeseni, palibe kubaya chala. Musadye kapena kumwa kanthu kwa mphindi 15 musanayambe. Ine ndinayezera kuchipinda, chitseko chotseka, foni ili pambali kundiwerengera nthawi, ndipo malangizo ake sanandivute.

Funso lomwe ndimamva kawirikawiri ndi ili: ngati mukuyeza m'kamwa, ndiye kuti kachilombo kamafala kudzera m'malovu? Ayi. Kandodoka sikafufuza kachilombo, kamafufuza asilikali omwe thupi limapanga likakumana nako. Pachifukwa chomwechi, ngati munagonana mosadziteteza posachedwapa, mzere umodzi usakunyengeni. Thupi limatha kutenga mpaka miyezi 3 kuti asilikaliwo aoneke, ndiye mudzayezenso. Ndipo amene ali pa ma ARV asakagwiritse ntchito, chifukwa kangathe kuonetsa mzere umodzi, munthu n'kuganiza kuti wachira n'kusiya mankhwala. Apa ndiye ndimaopapo kwambiri.

Chomwe ndimakakondera n'choti kamadula mtengo umene sulembedwa pa lisiti. Kuyezetsa kuchipatala cha boma n'kwaulere, inde, koma wa kabaza akapita kukaima pamzere, tsikulo wagona ndi njala. Onjezanipo ndalama yoyendera, ndi mantha oti mnansi akuonani pakhomo la chipinda choyezera. Katswiri wa zachuma Rebecca Thornton anaonetsa kulemera kwa zimenezi ndi kafukufuku wa mu 2004 ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Anthu anayezedwa kwaulere, koma mwa omwe sanalonjezedwe kangachepe, 34 okha pa 100 alionse ndi amene anapita kukamva zotsatira. Ngakhale kandalama kochepetsetsa kanachulukitsa chiwerengerocho pafupifupi kawiri, ndipo okhala kutali ankapita mochepa. Tinkati anthu akuopa kudziwa, pomwe ambiri chinkawagwira ndi mtunda ndi ntchito ya tsikulo. OraQuick imabweretsa yankho pakhomo. Ena mwa mayeso oyambirira a njirayi mu Africa muno anachitikira ku Blantyre, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kudziyeza wekha mu 2016, ndipo mu 2017 kampani ya OraSure ya ku America, yomwe imapanga OraQuick, inagwirizana ndi bungwe lothandiza la Gates Foundation kutsitsa mtengo kufika pa madola 2 m'mayiko 50 osauka. M'zipatala zambiri za boma amagawa ulere; ku mafamase mumalipira.

Koma mizere iwiri ikatuluka, kachipangizoka kamathera pomwepo. Sikakugwirani dzanja, sikakuperekezani kuchipatala. Mtolo womwe munauzemba uja ukudikirabe. Augustine Choko ndi anzake a ku bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome anayesa zimenezi ku Blantyre, popatsa amayi a ku sikelo timapaketi toti akapatse amuna awo. Ankawerenga abambo omwe anayezedwa n'kufika kuchipatala pasanathe masiku 28. Kalata yowaitana yokha inabweretsa 13 pa 100 alionse. Kachipangizo pakokha kanangowonjezera pang'ono. Koma atawonjezerapo madola 3 opatsa bambo akafika kuchipatala, anafika pafupifupi 41 pa 100, ndipo pa madola 10 anapitirira theka. Mwayi wopata mphoto pa mayere sunakope abambo. Kunena zoona, zotsatirazi zimandipweteka mtima, chifukwa zikusonyeza kuti bambo amayeza, n'kuona mizere yake, kenako n'kupita ku ganyu poti ana akufuna ufa.

Palinso nkhani ya m'banja. Mayi kubwera ndi paketi kunyumba n'kuuza mwamuna kuti "bambo, atipatsa ichi kusikelo" si chinthu chapafupi m'nyumba zina. Ngati mukuopa nkhanza, musakakamize, ndipo munthu asakakamizidwe kuyeza pamaso pa wina.

Ndiye ndingakulimbikitseni? Ee, makamaka abambo ndi achinyamata omwe papita zaka asanayezetse. Onani tsiku lothera ntchito pa paketi, yezani m'mawa osati usiku, tsiku lomwe chipatala n'chotsegula, ndipo musanatsegule paketiyo, patulani kale ndalama ya minibasi ndi kusankha munthu mmodzi amene mungamuimbire foni.