Vitamini E: wa m'chakudya kapena wa m'botolo?

Anthu ambiri akagula botolo la vitamini E amameza kapisozi m'mamawa ndi madzi okha, m'mimba mulibe kanthu. Zimandiwawa kuona zimenezi, chifukwa gawo lalikulu limangodutsa osalowa m'thupi.

Vitamini E sasungunuka m'madzi koma m'mafuta. Chakudya cha mafuta chikafika m'matumbo aang'ono, ndulu imatsikira momwemo, kapamba nayenso amathira madzi ake ogayira. Ndulu imaphwanya mafutawo kukhala timadontho ting'onoting'ono, ndipo vitaminiyu amakwera m'timadonthoti mpaka kukalowa m'khoma la matumbo. Akatero amakulungidwa pamodzi ndi mafuta, n'kudutsa m'mitsempha ya lymph (timadzi toyera toyenda m'thupi), kenako m'magazi, mpaka kuchiwindi. Mafuta akasowa, ndulu imatuluka pang'ono, vitamini wolowa m'thupi nayenso amachepa.

Apa ndi pamene chakudya chimapambanira, poti chimabwera ndi mafuta akeake. Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu pafupifupi 15 patsiku, ndipo njere za mpendadzuwa zodzadza dzanja, magalamu 28, zimapereka pafupifupi 7. Ma almond ndi chimodzimodzi. Masamba obiriwira ali nayenso, kungoti alibe mafuta okwanira, choncho thiranimo mafuta pang'ono kapena muwadyere limodzi ndi dzira.

Makapisozi alipo a mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake kwabisala pa chilembo chimodzi. Werengani pabotolo. Likalembedwa d-alpha-tocopherol, ndi wochokera ku mafuta a zomera. Likalembedwa dl-alpha-tocopherol, ndi wopangidwa m'fakitale, wosakaniza maumbidwe asanu ndi atatu. Matumbo sasankha, amalowetsa onse. Chosankha ndi chiwindi: chili ndi puloteni yomwe imagwira maumbidwe anayi okha mwa amenewo, otsalawo thupi limawataya. N'chifukwa chake 400 IU (IU ndi muyeso wa mphamvu ya vitamini wolembedwa pabotolo) wa d-alpha ndi mamiligalamu 268, pomwe 400 IU wa dl-alpha ndi 180 basi. Wa dl-alpha nthawi zambiri ndi wotchipa, koma mukudziwa tsopano chifukwa chake.

Ngakhale 180 yemweyo ndi kuchulukitsa 15 maulendo 12, ndipo ine apa ndi pamene ndimachita mantha. Kafukufuku wa SELECT, wa amuna oposa 35,000, anasonyeza mu 2011 kuti omwe ankamwa 400 IU tsiku lililonse anadwala khansa ya prostate mochuluka ndi 17 peresenti kuposa omwe sankamwa. Vitamini E wambiri amachedwetsanso kuundana kwa magazi, moti amene muli pa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, musayambe makapisoziwa musanafunse dokotala.

Kapisozi ali ndi eni ake: odwala omwe matumbo awo amalephera kulowetsa mafuta, monga a cystic fibrosis (matenda obadwa nawo owononga mapapo ndi kapamba) kapena a matenda otseka njira ya ndulu. Iwowa dokotala angawapatse mtundu wapadera wosakanikirana ndi madzi. Enafe ndingatilangize chakudya, ndipo ngati mwagula kale botolo, mezani kapisoziyo pakati pa chakudya cha mafuta.