Tsamba la ziwerengero la World Bank: limathandiza, koma pa Muloza silifika

Aphunzitsi anzanga a jogalafe, makamaka inu a m'masukulu a CDSS omwe laibulale yanu ndi kabati imodzi ya mu ofesi ya ahedi, tsamba la ziwerengero la World Bank muzilitsegula. Ndi laulere, salembetsa dzina, ndipo pa foni wamba limatseguka bola netiweki ikhale bwino. Ine ndimaphunzitsa kuno ku Mulanje, mbali ya ku Limbuli, pafupi ndi Muloza, chipata cha malire athu ndi Mozambique. Ana anga ambiri ali ndi abale ku Milange, tsidya la Mozambique, ena anawolokako kukagula nsapato, koma kuwafunsa kuti ku Mozambique kuli anthu angati, kalasi yonse zii.

Chimene chinandikopa ndi ichi. Dziko lililonse lili ndi ofesi yake yowerenga anthu ndi chuma: ife tili ndi NSO ku Zomba, a ku Mozambique ali ndi INE, ku Zambia kuli ZamStats, ku Tanzania NBS. Vuto ndi loti aliyense amachita kalembera nthawi yake. Mozambique anawerenga mu 2017 n'kupeza anthu pafupifupi 28 miliyoni. Ife tinawerenga mu 2018, tinalipo 17.5 miliyoni. Zambia ndi Tanzania anachita mu 2022, wina 19.6 miliyoni, wina 61.7 miliyoni. Mukangolemba manambala anayiwa pa bolodi momwe alilimu, mwana aziti Zambia yatiposa ndi anthu 2 miliyoni, osadziwa kuti pakati pa makalembera awiriwo padutsa zaka zinayi, ndipo Amalawife sitinasiye kubereka pa zaka zimenezo. A World Bank amatenga zochokera ku maofesiwa ndi ku United Nations n'kuika chiwerengero cha chaka chilichonse, kuyambira 1960. Ndiye mumasankha chaka chimodzi, maiko onse anayi n'kuima pa mzere umodzi.

Kagwiritsidwe kake sikavuta. Pamwamba pali kabokosi. Mumalembamo Malawi, n'kuwonjezera Mozambique, kenako chimene mukufuna, kaya chiwerengero cha anthu, zaka zomwe munthu amayembekezeka kukhala ndi moyo, kukwera mitengo kwa zinthu, kapena zokolola pa hekitala. Imabwera girafu ya mizere, dziko lililonse mzere wake. Pali potsitsira fayilo ya Excel, ndipo ine ndimatsitsa ndikapita pa boma kapena pa Chitakale, n'kumagwiritsa ntchito teremu yonse osaonongera bandulo.

Phunziro lomwe linayenda bwino kuposa onse linali la magetsi. Ndinajambula mizere inayi pa tchati, ya anthu omwe ali ndi magetsi m'nyumba. Mzere wa Malawi unali pansi pa yonse, osafika ngakhale munthu mmodzi pa asanu alionse. Mtsikana wina wa Fomu 3, yemwe sayankhulayankhula, anadzutsa mkono nati, "Sala, ndiye amene timawaseka aja atiposa?" Anyamata akumbuyo anakana, amvekere ku Mozambique kunali nkhondo. Zoona, nkhondo inatha mu 1992, ndipo makolo a ana omwewa ndi amene ankalandira othawa kwawo. Mkanganowo unadya piriyodi yonse, ine ndinangousiya.

Tsono pomwe tsambali limalephera ndi pomwe ife tikukhala. Limawerenga dziko lathunthu, basi. Mulanje mulibe, Thyolo mulibe, Milange mulibe. Kuti mudziwe kuti boma lathu lino linali ndi anthu oposa 680,000 mu 2018, mubwerere ku lipoti la NSO. Kuti muone za chigawo cha Zambezia, komwe kuli Milange, mupite kwa INE, komwe zambiri zili m'Chipwitikizi. Ndipo nkhani yeniyeni ili pamenepo: kuno anthu tapanikizana pakati pa phiri ndi minda ya tiyi, oposa 300 pa sikweya kilomita, pomwe tsidya linalo malo alipo. N'chifukwa chake anthu ena a kuno amakalima kapena kukagwira ganyu kumeneko. Girafu ya dziko lonse siingakuuzeni zimenezi.

Za malonda ndiye ndimaziwerenga mokayika. Imani pa msika wa Limbuli nthawi yokolola muone njinga zikubwera kuchokera ku malire, matumba awiri kapena atatu a chimanga atamangidwa ndi mphira pakaliyala, mwini wake akukankha thukuta lili kamukamu. Nandolo ndi nyemba nazo zimayenda choncho, uku shuga, sopo ndi ziwiya za pulasitiki zikuwoloka kupita uko. Zambiri mwa izi sizilembedwa m'buku la kasitomu, choncho m'ziwerengero za boma sizilowa. Amene akhala akuyesa kutsata chimanga chodutsa m'njira zoterezi ndi a FEWS NET, bungwe lochenjeza za njala, ndipo Muloza amaitchula kawirikawiri m'malipoti awo. Wofuna za malonda a m'malire ayambire kumeneko.

China choti mudziwe: si nambala iliyonse yomwe inachokera powerenga. Zaka za pakati pa makalembera ndi zoyerekeza chabe, ndipo nthawi zina amazisintha akapeza zatsopano, moti zomwe munakopera m'kope chaka chatha zitha kusiyana pang'ono ndi za lero. Za umphawi zimangopezeka m'zaka zomwe kunachitika kafukufuku wa m'makomo, kwina konse mipata. Za chaka chino musaziyembekezere. Zimachedwa chaka kapena kuposerapo. Chingerezi chakenso n'cha akatswiri a zachuma, mwana wa Fomu 2 sangachimve payekha, mpaka mphunzitsi amutafunire.

Kwa mphunzitsi, wophunzira wa ku koleji, kapena mlembi wa bungwe amene akulemba pempho la thandizo, ndikuti ligwiritseni ntchito, ndipo pansi pa nambala iliyonse muzilemba chaka chake. Kwa wogula chimanga amene akufuna kudziwa ngati mawa awoloke kapena ayi, tsambali silimuthandiza. Ameneyo aimbire mlamu wake wa ku Milange amuuze mtengo wa thumba ndi momwe metikali ikusinthira ndi kwacha.