Wonga wotunga ndi muyeso kapena woyeza pa sikelo: uti umagwetsa zipolopolo pamodzi?

Aliyense wodzipakira yekha zipolopolo za mfuti yaitali amafika pa mphambano iyi: wonga aziuthira ndi makina otunga mwa muyeso, monga RCBS Uniflow kapena a Redding, kapena aziyeza pa sikelo wonga wa chigoba chilichonse (chigoba ndi kachitini ka chipolopolo kosungira wonga)? Mbali zonse ziwiri zili ndi akatswiri opambana mipikisano, ndiye si nkhani yoti wina ndi mbuli. Chimene chimaweruza ndi mtunda umene mukuwombera komanso mtundu wa wonga wanu.

Tiyambe ndi makina otunga. Iwowa sadziwa kulemera, amangodzaza kadzenje kamene mwatchera n'kukhuthula. Wonga wa timibulu tozungulira, monga Hodgdon H335, umayenderera bwino ndipo umadzaza kadzenjeko mofanana nthawi zonse. Koma wonga wa timitengo, monga Varget kapena IMR 4064, timitengo take timakhala mopingasana, ndipo pokoka chogwirira mumamva kuti gwede, makina atadula kamtengo pakati. Mukaika pa sikelo zomwe zatulukazo, mupeza kuti zina zapitirira pang'ono, zina zaperewera. Dzanja nalo lili ndi mbali yake. Mukakoka mofatsa ulendo uno, ulendo winawo mwamphamvu, wonga umakhazikika mosiyana. Odziwa ntchito amakoka mofanana nthawi zonse, salola wonga kutsika kwambiri m'botolo la pamwamba, ndipo amataya zotunga zingapo zoyamba asanayambe kudzaza zigoba.

Musawanyoze makinawa. Anthu a benchrest, mpikisano wowombera mfuti itakhazikidwa patebulo, owombera pa mayadi 100 ndi 200 ndi 6 PPC, chipolopolo chimene Lou Palmisano ndi Ferris Pindell anakonza m'zaka za m'ma 1970, ambiri akhala akutunga wonga ndi muyeso pompo pabwalo la mpikisano, koma zipolopolo zisanu n'kulowa ngati pa bowo limodzi. Chifukwa chake n'chomveka. Pa mtunda waufupi chipolopolo chimafika chisanagwe kwenikweni, choncho kusiyana pang'ono kwa liwiro sikuoneka pa chandamale.

Pa mayadi 1,000 nkhani imatembenuka. Chipolopolo chimakhala m'mwamba kuposa sekondi imodzi, ndipo chochedwerapo pang'ono chimagwera m'munsi mwa chinzake. Pa zipolopolo za mtundu wa .308 Winchester, kusiyana kwa mafiti 20 pa sekondi kumakwana kusiyanitsa zipolopolo ziwiri ndi mainchesi angapo, chimodzi pamwamba china pansi. Pamene mkombero wa X, wa pakati penipeni pa chandamale cha mpikisano wowombera patali wa F-Class, uli mainchesi 5 okha m'mimba mwake, mainchesi amenewo ndi mapointi otayika. N'chifukwa chake owombera patali amayeza wonga wa chigoba chilichonse.

Masikelonso ndi amitundumitundu. Grain imodzi, muyeso wa kulemera kwa wonga, ndi magalamu 0.0648, ndipo paundi imodzi ili ndi ma grain 7,000. Sikelo ya mtanda, yosafuna magetsi ija, imawerenga mpaka 0.1 grain. Mumatunga mopereweza dala, kenako n'kumagwetsera njere imodziimodzi ndi trickler, kachipangizo kodonthezera wonga, mpaka kamuvi kataima pa mzere. Imachedwa, ndipo iyenera kukhala molingana ndi maso anu, apo ayi muwerenga molakwika. Koma ine ndimaidalira kwambiri kuposa timasikelo tamagetsi totsika mtengo, timene manambala ake amasuntha okha tikatenthedwa kapena kamphepo kakalowa pazenera. RCBS ChargeMaster imathira n'kuyeza yokha, mozungulira 0.1 grain yomweyo, ndipo phindu lake lalikulu n'lakuti manja anu amakhala akuika mitu ya zipolopolo iyo ikuyeza. Pamwamba pa zonsezi pali sikelo ya mu labotale ngati A&D FX-120i yolumikizidwa ndi AutoTrickler, trickler yamagetsi yodziyendetsa yokha. Imeneyi imawerenga 0.02 grain, kulemera kofanana ndi njere imodzi ya Varget. Mtengo wake ndi wokwera zedi.

Apa ndi pamene mtima umandipweteka ndikaona anzathu akuthamangira kugula sikelo yodula chonchi alibe chronograph yoyezera liwiro. Mudziwa bwanji kuti sikeloyo yasintha kanthu? Liwiro silisiyana chifukwa cha wonga wokha. Zigoba zosakaniza za makampani osiyana zimasiyana kukula kwa m'kati. Khosi la chigoba lomwe laumitsidwa ndi kupakiramo kambirimbiri limagwira mutu wa chipolopolo mosiyana ndi khosi latsopano, pokhapokha mutalifewetsanso ndi moto. Primer, kachitsulo koyatsira wonga kumbuyo kwa chigoba, ikakhala yosakhazikika mpaka pansi nayo imasokoneza kayakidwe. Munthu woyeza wonga mpaka njere yomaliza n'kuuthira m'zigoba zotolatola wataya nthawi yake pachabe. Yambani ndi zigoba za gulu limodzi, za kampani ya Lapua kapena zina zabwino, zowomberedwa maulendo ofanana. Ndipo poyesa musakhutire ndi zipolopolo zitatu. Zitatu zikhoza kugwera pamodzi mwamwayi chabe. Womberani 20 kapena kuposerapo pa njira iliyonse musanagamule.

Kwa mlenje kapena wowombera mayadi 300 kutsika m'munsi, makina otunga ndi wonga wa timibulu n'zokwanira, bola muziika pa sikelo chotunga chimodzi pa khumi chilichonse kuti muone ngati muyeso sunasunthe. Wokonda wonga wa timitengo, kapena amene wayandikira malire a pamwamba olembedwa m'buku la opanga wongawo, ayeze chigoba chilichonse, chifukwa pamenepo kupitirira pang'ono kumakweza mphamvu ya m'mfuti mpaka poopsa. Malire a m'bukuwo musawadumphe, ndipo patebulo pazikhala chitini chimodzi chokha cha wonga. Wa mayadi 600 kupita m'tsogolo, sikelo ya mtanda ndi trickler zimufikitsa patali. FX-120i aiganizire chronograph ikamusonyeza kuti zigoba ndi ma primer zili bwino ndipo chatsala ndi wonga basi.