Kukambirana malipiro: ndi bodi yanu yokha kapena mabodi onse pamodzi?

Ogwira ntchito za madzi ku Salima ndi ku Nkhotakota ali pansi pa Central Region Water Board, ndipo lamulo la Labour Relations Act la 1996 limawapatsa njira ziwiri zokambirana ndi olemba ntchito.

Yoyamba ndi ya pakampani. Yuniyoni ikalembetsedwa n'kukhala ndi mamembala 20 pa antchito 100 alionse, bwana ayenera kukhala nayo pansi. Apa mpamene zazing'ono zimamveka: ovataimu ya wokonza paipi yophulika usiku, magolovesi ndi zotchinga kumphuno za wothira klorini, alawansi ya wowerenga mamita. Pomwe ambiri amagwa ndi pa kaundula wa mamembala. Mayina akapanda kugwirizana ndi omwe amadulidwa ndalama za umembala, zokambirana zimathera pa kuwerengana.

Yachiwiri ndi khonsolo ya gawo lonse, yomwe ingaphatikize mabodi onse asanu a madzi m'dziko muno. Malipiro oyambira angafanane ndi a ku Lilongwe ndi Blantyre, koma khonsoloyi imayenda pang'onopang'ono, ndipo dandaulo la ku Chipoka limamira.

Ife tikuti yambani ndi ya pakampani. Sitiraka musaidalire kwambiri: ntchito yomwe kuima kwake kungaike miyoyo pachiswe, mkangano wake umapita ku khoti loona milandu ya pantchito la Industrial Relations Court.