Turntable ija patatha miyezi 9, pitch ikundivutabe

Dzulo mnzanga wina wa ku Luchenza anandiimbira kuti aise, bambo aja unagulako turntable (makina oimbira mbale za nyimbo) ali ndi ina, ndigule? Sindinamuyankhe pompo chifukwa ndinali ndikungochoka kwa wokonza mawailesi pa Chitakale komwe ndasiya K35,000 yokonzetsa turntable yangayo, mtima unali usanatsike. Nde ndati ndilembe pano bwinobwino.

Ine ntchito yanga ndi ya maukwati ndi zinkhoswe, ndimaimba pa laputopu ngati wina aliyense. Turntable ndinagula chifukwa cha katoni ya mbale zakale imene anandisiyira mlendo wina wa ku Holland yemwe anabwera kudzakwera phiri la Mulanje, zambiri ndi hardcore, zina gabber ya ku Rotterdam ya m'ma 1990, zina happy hardcore zija mawu ake amamveka ngati akuimba ndi kamwana. Ndinazikonda nditangozimva, ndipo ndinafunitsitsa kuti ndiziziimba ndi manja anga. Makinawa ndi ogwiritsidwa kale ntchito, ochokera ku Joni, ndinapereka K280,000 ku Limbe.

Zimene zili bwino sindichulutsa. Mota ndi yamphamvu, ukadina start mbale imadzuka nthawi yomweyo. Singano sidumpha ngakhale sipika ili pafupi. Mabatani a 33 ndi 45, osankhira liwiro lozungulira mbale, sanavutepo.

Vuto ndi pitch, kachotsetsereka kaja kowonjezera kapena kuchepetsa liwiro. Kake ndi ka 8 peresenti kupita uku ndi uku ngati turntable yotchuka ya Technics SL-1200, ndiye mbale ya 170 BPM (kugunda kwa ng'oma, kapena kuti ma beat, pa mphindi imodzi) umatha kuikweza mpaka 183 kapena kuitsitsa kufika 156. Pa pepala zili bho. Koma yangayi ukaiika pakati pa +2 ndi +4 liwiro silikhazikika, limakwera lokha kenako kutsika, ukayang'ana timadontho toonera liwiro ta m'mbali mwa chozungulira chokhalapo mbale timangoyenda uku ndi uku. Ndipo apo ndi pomwe ndimakhalitsa, poti mbale zanga zambiri ndi za 170 pomwe nyimbo za pa laputopu zomwe ndimaphatikiza nazo zili pa 175.

Amene saimba nyimbo zothamanga angaone ngati ndikukokomeza. Taonani, 1 peresenti pa 170 ndi 1.7 BPM. Ndiye kuti pakangotha masekondi 9 ng'oma ziwirizo zasiyana ndi kota ya beat, pofika 35 zasiyana ndi beat yonse. Ndipo hardcore ng'oma yake ndi yolimba, imagunda beat iliyonse, palibe pobisala, ikangosemphana pang'ono zimamveka ngati anthu awiri akusinja mu mtondo umodzi wina wachedwa. Pa amapiano utha kukankha ndi chala anthu osazindikira, apa ayi.

Tsiku limene zinandipweteka linali mu July, chiperoni chitagwa masiku atatu, nkhungu yokhayokha phiri osaoneka. Anyamata ena ogwira ntchito ku esiteti ya tiyi anakonza kaphwando ndipo anandipempha okha kuti chakumapeto ndiwaikire zothamanga zija ndimawauza. Ndinakonzekera sabata yonse. Mbale yoyamba inalowa bwino, yachiwiri ndalinganiza mu mahedifoni zili ndendende, ndikukweza pa mikisa basi liwiro lathawa. Ndinayesa kugwira m'mphepete ndi chala, ikabwerera kenako yathawanso, mpaka ndinangodula nkuika ina ya pa laputopu. Palibe anadandaula koma ine usiku umenewo tulo sindinatione. Ndazindikira kuti kukakhala chinyezi vutoli limakula, ndipo kuno ku Mulanje chinyezi sichisowa.

Komabe makina omwewa anandipatsa chinthu chimene sindinkayembekezera. Tsiku lina ndinaiwala kudina 45, mbale nkuyamba kuzungulira pa 33. Kusiyana kwa ziwirizi ndi 35 peresenti, ndiye nyimbo ya 170 inagwera pa 126, liwiro la house, ndipo nditatsitsa pitch mpaka pansi inafika cha m'ma 116, pafupi ndi amapiano. Mawu aja a kamwana anasanduka a munthu wamkulu, ng'oma nkukhala yolemera yokoka, zokoma zedi. Kumunsi uko pitch sivuta nkomwe. Ndinaiyesa pa chinkhoswe china ku Thyolo itatha perekaniperekani, azimayi anavina osadziwa kuti ndi nyimbo yomwe ija akanati ndi phokoso. Masiku ngati amenewo ndimaona kuti ndalama yanga sinapite pachabe.

Tsono za ogulitsa. Nditawauza koyamba anati ndi jenereta yanuyo achimwene, magetsi ake sakhazikika. Ndinayesa kunyumba magetsi alipo, ndi foni yowerenga BPM pambali, zomwezo. Ndinawatumizira kavidiyo pa WhatsApp, anaona, anayankha patatha sabata kuti pitch yatsopano ibwera ndi katundu wa ku Joni mwezi wamawa. Apa tikunena pano miyezi inayi yatha, ndakwera minibasi kawiri kupita ku Limbe, ulendo wachiwiri ndinapeza mnyamata wa pa shopu yekha akuti abwana atuluka. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi choti pogula ndinafunsa za pitch yomweyi, iwo anati yasinthidwa kumene. Wokonza uja atatsegula dzulo anandionetsa njanji ya mkati mwa pitch yoperepeseka pakati, yakalekale, wangoipukuta nkuthira mankhwala otsukira, akuti igwira pang'ono koma yofunika ndi ina basi.

Lero m'mawa ndaimba mbale zinayi pa +3, yakhazikika, ndipo ndasangalala ngati tsiku logula lija. Koma ndikawerengera 280 ija, 35 ya dzulo ndi mathiransipoti, ndadutsa K330,000 pa makina oti sindingawadalire pa phwando lolipidwa.

Ndiye aise wa ku Luchenza, ngati ukupitabe, tenga mbale yako ndi foni, uike pitch pa +1, +2 mpaka +8, pena paliponse udikire mphindi ziwiri ukuyang'ana timadontho tija. Ndalama upereke theka, yotsala ukaiimba mwezi wathunthu. Akakana zisiye. Ine Loweruka ndikupitanso ku Limbe ndi lisiti ya wokonza uja, andibwezere 35 yanga kapena andipatse pitch.